Kodi kudzudzula n'chimodzimodzi ndi kunyoza?

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Mangochi. Posachedwapa mafumu a kwathu analankhula mokalipa pamsonkhano za asodzi amene akupha nsomba ndi maneti otetezera udzudzu, ndipo wailesi inati mafumuwo adzudzula mchitidwewu. Mnzanga wina akuti kumeneko kunali kunyoza asodziwo. Kodi mawu awiriwa amasiyana pati?

Yankho: Aphunzitsi, wailesiyo inasankha bwino mawu. Kudzudzula ndi kunena mosapsatira kuti zimene wina wachita n'zolakwika, ndipo wodzudzulayo amatchula cholakwacho ndi chifukwa chake poyembekezera kuti wolakwayo asintha. Mafumu akamati maneti a udzudzu amakokolola ndi tiana ta chambo tomwe, mwakuti m'nyanja ya Malombe simudzatsala nsomba zoti ziswane, ndiye kuti akudzudzula. Akadati asodziwo ndi zitsiru, apo akadakhala kuti anyoza, pakuti kunyoza kumagwetsa ulemu wa munthu osakonza kanthu. Akuluakulu ankazindikira kusiyanaku pamene ankati wakutsina khutu ndi mnansi.

Mawuwa amagwira ntchito ngakhale m'nyumba, monga mayi akamadzudzula mwana, koma amalemera kwambiri pamene wolankhulayo akuimira gulu ndipo akulankhula poyera. Pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula boma la chipani chimodzi la Dr. Hastings Kamuzu Banda pa kusowa kwa ufulu wolankhula, kumanga anthu popanda mlandu komanso kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, ndipo mmodzi mwa amene anaisainira anali Episkopi Alessandro Assolari wa kwanu ku Mangochi komweko. Munalibe chitonzo chilichonse m'kalatamo, komabe dziko linagwedezeka mpaka kufika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ine ndimaona kuti ichi ndi chitsanzo chabwino koposa chimene mungapatse ana m'kalasi.

Pali mawu ena awiri amene anthu amawasokoneza ndi kudzudzula. Kutsutsa ndi kukana mfundo ya mnzako, ndipo munthu angathe kutsutsa popanda kunena kuti winayo wachita choipa. Kukuwiza ndi mfuu ya khamu, ngati imene imamveka pabwalo la mpira oimbira akakondera, ndipo simukhala kufotokoza zifukwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti atolankhani ambiri masiku ano sathanso kulemba "wadzudzula" popanda kuwonjezera "mwamphamvu", ngakhale pamene munthuyo wangodandaula chabe. Chizolowezichi chikuwafooketsa mawuwa. Ophunzira anu muwalangize kuti alembe "wadandaula" pamene munthu wangonena zomupweteka, ndipo asunge "wadzudzula" pamene walozadi chala cholakwa ndi mwini wake, monga anachitira mafumu anu aja.