Kwa inu amene mwangofika ku Madinah

Abale ndi alongo, kaya mwabwera kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito, dziwani kuti Asilamu oyamba a ku Makkah nawonso anafika mumzinda uno ngati alendo. Mu 622 anasiya nyumba, malonda ndi abale awo n'kudzayambira pansi kuno. Zambiri zimene zikukuvutani m'masabata oyambawa iwonso zinawapeza, ndipo malo amene ankakhala akadalipo, mutha kukafikako ndi miyendo yanu.

Tiyambe ndi thupi. Atangofika, Abu Bakr ndi Bilal anadwala malungo, ndipo Bilal ankachita kulakatula ndakatulo zopukwa zigwa za ku Makkah. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) sanawadzudzule. Anapempha Allah kuti awakondetse Madinah monga ankakondera Makkah kapena kuposapo. Choncho mukamasowa kumudzi, musadzione ngati chikhulupiriro chanu chachepa. Koma matenda musawalekerere. Kuyambira June mpaka August kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mpweya wa kuno ndi wouma, thukuta limauma musanalione, munthu n'kutha madzi m'thupi osazindikira. Imwani madzi musanamve ludzu, ndipo mkodzo ukada dziwani kuti mwachedwa kale. Mu December ndi January m'bandakucha kumazizira, gulani chovala cha mphepo nthawi ikadalipo.

Nkhani ya Abdurrahman ibn Awf imakambidwa kwambiri, koma ambiri amaimva theka. Mtumiki anamupatsa m'bale pakati pa eni mzinda, Sa'd ibn ar-Rabi, yemwe anafuna kumugawira theka la chuma chake. Abdurrahman anamupempherera madalitso n'kupempha kuti angomulozera kumsika, ndipo anabwerako ndi kaphindu ka mkaka wouma ndi mafuta a mkaka. Tengaponi mtima wosafuna kulemetsa amene wakulandirani. Mnzanu akakusungani m'chipinda chake, gwirizanani tsiku loyamba lomwelo za lendi, chakudya ndi nthawi imene mudzatuluke, chifukwa ubale wa kunja umaphedwa kwambiri ndi zinthu zimene sizinakambidwe. Komano musatengere nkhaniyi kukayala malonda mumsewu. Chiphaso chanu chokhalira, iqama, chimanena amene mukumugwirira ntchito kapena sukulu imene yakuitanani, ndipo kugwira ntchito kwina popanda chilolezo kumathera ku chindapusa ndi kubwezedwa kwanu. Iqama muziyenda nayo nthawi zonse. Pasipoti sungani nokha, malamulo salola bwana kuisunga inu musakufuna.

Pa za ngongole, kumbukirani kuti Ali anatsala kaye ku Makkah kuti abweze katundu amene anthu anasungitsa kwa Mtumiki, ngakhale kuti mzindawo unali utawaukira. Ngati munabwereka ndalama ya tikiti, malipiro oyamba ayambire kumeneko, foni yatsopano idikire.

Ulendo wanu woyamba ukhale wa ku Quba, mzikiti umene Mtumiki anayamba kumanga atangofika. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3 kuchokera ku Mzikiti wa Mtumiki, ndipo pali msewu wa oyenda pansi. Iye ankapitako Loweruka lililonse, mwina wapansi mwina atakwera. Ambiri amalakwitsa kanthu kamodzi: hadisi imene imalonjeza malipiro onga a Umra imanena za munthu amene wadziyeretsa kunyumba kwake kenako n'kupita kukaswali ku Quba. Ndiye wudhu pangirani kunyumba, nyamukani dzuwa lisanakwere, mukaswali rakaa ziwiri.

Ku phiri la Uhud, makilomita pafupifupi 5 kumpoto, musakangojambulitsa zithunzi n'kubwerera. Nkhondo ya mu 625 inatembenuka pamene ambiri mwa oponya mivi 50 amene anaikidwa pakaphiri anatsika kukatola katundu wa adani, ngakhale anauzidwa kuti asachokepo. Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa, pakati pawo Hamza, m'bale wa bambo ake a Mtumiki. Pomwepo pali manda a Mus'ab ibn Umayr, amene ku Makkah ankadziwika ndi zovala zapamwamba, ndipo ndiye anatumizidwa kuno kudzaphunzitsa Qur'an msamuko usanachitike. Pomuika, nsalu yake inali yaifupi: akaphimba mutu, mapazi ankaonekera. Anaphimba mutu, kumapazi n'kuikako udzu. Inu amene mukudzimvera manyazi kuti kwanu munali munthu wodziwika koma kuno mukukolopa, khalani kanthawi pamenepo. Perekani salamu, apemphereni kwa Allah, koma dothi kapena miyala musatole, ndipo musapemphe kanthu kwa omwalira.

Manda a Baqi ali kummawa kwa Mzikiti wa Mtumiki, ndipo m'menemo munaikidwa Uthman, mayi Aisha ndi Maswahaba ena ambiri. Nthawi zambiri amatsegulira amuna ikatha swala ya Fajr ndi ya Asr. Alongo amapereka salamu ali kunja kwa mpanda. Mandawo alibe mayina, choncho samalani ndi wina amene akufuna ndalama kuti akulozereni manda a uje ndi uje. Kulowa mu Rawdah, malo a mu Mzikiti wa Mtumiki amene ali pakati pa manda ake ndi mimbari, kumafuna chilolezo cha pa Nusuk, pulogalamu ya pafoni ya boma la Saudi Arabia, nthawi ya amuna ndi ya akazi ndi yosiyana, ndipo chilolezocho ndi chaulere.

Mukakhazikika n'kufuna kukachita Umra, ihramu mumavalira ku Dhul Hulayfah, kumene anthu a kuno amati Abyar Ali. Pa Hajj pokha musadzayerekeze kupita opanda chilolezo, ngakhale wina akulonjezeni njira yozembera. Amene wagwidwa amalipitsidwa chindapusa, ndipo mlendo amabwezedwa kwawo n'kuletsedwa kubweranso kwa zaka.