Funsani Mmisiri: Subaru yanga yakuda yadzaza timizere

FUNSO: Amisiri, ndili ndi Subaru Impreza WRX STI yakuda yomwe ndinaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Ikakhala pamthunzi imanyezimira bwinobwino, koma padzuwa penti yonse imaoneka timizere tozungulirazungulira, makamaka pa boneti ndi pazitseko. Bambo wina ku Limbe akuti atha kuipolisha ndi grinder tsiku limodzi, pomwe mnzanga akuti ndingoikitsa ceramic coating basi zonse zitha. Ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene, kiyi wa galimotoyo akhale kaye m'thumba mwanu. Grinder yodulira zitsulo imazungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi, pomwe makina opolishira enieni amayenda pakati pa 600 ndi 3,000. Kuika siponji pa grinder n'kuigunditsa pa galimoto yakuda ndi kuwotcha penti, ndipo penti ikapsa palibe polishi yomwe ingaibweze. Mankhwala ake ndi kupoperanso chigawo chonsecho.

Penti ya kufakitale ili ndi magawo atatu: pansi pali primer, penti yoyamba yogwira pachitsulo, pakati pali mtundu weniweniwo, pamwamba pali clear coat, ija yoonekera ngati galasi imene imapereka kuwala komanso kuteteza mtundu ku dzuwa. Zonse pamodzi zimakhala ma micron 100 mpaka 150, kunenepa kwake ngati pepala limodzi la mu ofesi, ndipo clear coat payokha nthawi zambiri sipitirira ma micron 50. Timizere mukutionato tili mu clear coat imeneyi. Popolisha sitidzaza timizere ayi, timasenga clear coat yozungulira mpaka itafanana ndi pansi pa kamzereko. Choncho polishi iliyonse yamphamvu imadya gawo lomwe silidzameranso. Ndimamva chisoni ndikaona galimoto zabwinobwino mumsewu wa Masauko Chipembere denga ndi boneti zitayera mbuu n'kuyamba kusupuka. Zambiri mwa izo zinapolishidwa mobwerezabwereza, dzuwa la mu Okutobala n'kudzamalizitsa.

Mmisiri amene mungamukhulupirire amayamba ndi kuyeza. Pali kachipangizo kogwira m'manja komwe amakagunditsa pachitsulo n'kuonetsa kunenepa kwa penti. Galimoto za ku Japan zambiri zimabwera chitseko china kapena fenda zitapoperedwapo kale, ndipo mukaona malo ena akuwerenga 300 kapena kuposa pomwe kwina kuli 110, dziwani kuti pamenepo panadutsa wopopera, mwina pali filler pansi, phala lija lodzazira malo opindika. Mufunseni ngati ali nako kachipangizoka. Akakuyankhani kuti maso ake ndi okwanira, thokozani mwaulemu n'kumapita.

Akayeza, atsuke galimoto, achotse phula ndi tizitsulo tomatirira, adutsitse clay, dongo lapadera lozula tinyansi tomatirira, kuti penti isalale, amate tepi pa mphira ndi m'makona, kenako ayese kachigawo kakang'ono ndi polishi yofewa kwambiri. Penti ya Subaru, monga ya galimoto zambiri za ku Japan, ndi yofewa kusiyana ndi ya BMW kapena Mercedes-Benz, moti kawirikawiri makina a dual action, aja siponji yake imazungulira uku ikugwedezeka, ndi polishi yapakatikati zimakwanira. M'mphepete mwa zitseko ndi pa mabampa a pulasitiki ndi pofunika dzanja lopepuka, chifukwa m'mphepete penti imakhala yopyapyala ndipo pulasitiki satulutsa kutentha msanga. Pomwe panakalika kwambiri yesani nokha ndi chikhadabo: chikamakodwa, mzerewo ndi wakuya, ndipo ine sindilola kuuthamangitsa mpaka uthe. Ndi bwino kuuchepetsa kuti usamaonekere patali, clear coat n'kutsala.

Za mnzanu uja, walondola theka. Ceramic coating, mankhwala amadzi opaka pamwamba pa penti omwe amauma n'kulimba, imathandiza kuti madzi ndi litsiro zisamamatirire, ndipo imakhala zaka zingapo pomwe wax amatha pa miyezi yochepa. Koma siibisa timizere. Mukaipaka pa penti yokalikakalika mwangotsekera timizereto mkati. Imabwera pomaliza, polishi itatha, ndipo galimoto isatsukidwe pafupifupi sabata yathunthu kuti iume bwino. Timiyala touluka pamsewu wa ku Zomba kapena wa ku Chikwawa siingatiletse. Pa vuto limenelo pamafunika pulasitiki yoonekera yomata kutsogolo.

Komabe funso lomwe simunafunse ndi lomwe likundikhudza kwambiri: ndani amatsuka galimotoyo, ndipo amatsuka bwanji? Timizere totere sitichokera pamsewu, timachokera pa chisanza. Fumbi la kuno ku Blantyre, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, lili ndi mchenga wosaoneka ndi maso. Mnyamata akatenga chidutswa cha tisheti chomwe wapukutira matayala, n'kuchiviika mu ndowa imodzi yomweyo, n'kumazunguliza pa boneti, akukwecha penti ndi mchenga. Sindikuwanyoza anyamatawa, palibe anawaphunzitsa, ndipo ambiri mukawaonetsa kamodzi amagwira msanga. Agulireni ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo ina yotsukulira nsalu, ndi nsalu za microfibre zomwe sizigundanso matayala. Ayambe athira madzi ambiri kuti fumbi litsike asanakhudze galimoto, atsuke kuchokera padenga kutsika, pamthunzi. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi sopo wa mbale zisafike pafupi, zimachotsa wax. Ngati mumagwiritsa ntchito madzi a pamjigo, pukutani asanaume okha chifukwa amasiya timadontho toyera tomwe timaluma penti yakuda. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo chotsani tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa, ndipo nyengo ya maluwa a jacaranda pewani kuimika pansi pake.

Malimu a STI amadetsedwa msanga ndi fumbi la mabuleki, lomwe lili ndi tizitsulo. Gulani mankhwala ochotsa tizitsulo, aja amasanduka ofiirira akamagwira ntchito, ndipo muwathire malimu atazizira. Mukakonza katsukidwe kwa mwezi umodzi kapena iwiri, pitani mukayezetse penti, mundilemberenso manambala omwe mwapeza pa boneti, padenga ndi pazitseko.