Kaundula wa ana a cerebral palsy angathandize chiyani?

Amayi, mwafunsa kuti kaundula amene mwamva kuti mayiko ena ali naye angamuthandize chiyani mwana wanu wa cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa chakuti ubongo unavulala mwana asanabadwe, pobadwa kapena ali wakhanda. Ku Sweden anayamba mu 1994 kulemba ana otere ndi kumawajambula X-ray ya m'chiuno kawirikawiri. Ana oguluka chiuno anachepa kwambiri chifukwa vuto ankaligwira lisanakule. Kaundula amaonetsanso gwero la kulumalako, kaya ndi kubanika pobadwa, chikasu kapena malungo a mu ubongo.

Kuno ku Chipata zimandiwawa ndikaona mayi atabereka mwana wa zaka 7, miyendo ikulendewera, akupita naye ku physiotherapy, kumene amawongola ndi kulimbitsa ziwalo. Ana osawerengedwa boma liwagulira bwanji njinga za olumala zokwanira? Wanuyo, musungireni bwino kadi ya kusikelo, ndipo pemphani adokotala amuone chiuno.