Mafunso ndi Mayankho: Zithunzi Zakale za Moyo wa pa Koleji

Funso: Akonzi, bambo anga anatisiya chaka chatha, ndipo pamene tinkalongosola katundu wawo tinapeza sutikesi yachitsulo momwe munali zithunzi zoposa 60 za nthawi imene ankaphunzira pa Chancellor College. Zambiri ndi zakuda ndi zoyera, ndipo kumbuyo kwake sikunalembedwe kanthu. Chondizunguza n'chakuti pa zithunzi zambiri sindikuonapo phiri la Zomba kapena nyumba zimene ndimazidziwa ku Chirunga, moti mchimwene wanga akuti mwina bambo anayamba aphunzira kwina osatiuza. Kodi ndingadziwe bwanji malo ndi zaka za zithunzizi? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

Yankho: Mayi, pepani ndi zovutazo, ndipo achimwene anuwo muwauze kuti mtima ukhale m'malo, chifukwa n'kutheka ndithu kuti bambo sanabise kanthu. Chancellor College sinayambire ku Zomba. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Kolejiyi inakhala ku Chichiri mpaka mu 1973 pamene inasamukira ku Chirunga, ndipo m'chaka chomwecho koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba zinaphatikizidwa ku Chancellor. Choncho munthu amene analowa koleji mu 1970 kapena 1971 akhoza kukhala ndi zithunzi za malo awiri, zina zooneka phiri la Soche kapena la Ndirande kumbuyo, zina zooneka phiri la Zomba. Ngati zili choncho m'sutikesimo, ndiye kuti mwapeza kale malire oyamba: muunjike za ku Blantyre padera, za ku Zomba padera, ndipo 1973 ndiye mzere wodula pakati.

Chaka chomwecho cha 1973 chimathandizanso mwa njira ina. Ndi chaka chimene boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, limene linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo lamuloli linagwira ntchito mpaka mu 1993. M'nyengo yomweyo amuna analetsedwanso kuweta tsitsi lalitali. Mukaona atsikana ataima pakhonde la kalasi atavala madiresi olekeza pamwamba pa mawondo, mosakayikitsa chithunzicho ndi cha lamulolo lisanabwere. Komabe musaweruze nalo chithunzi cha pa bwalo la masewero kapena cha pa zisudzo, popeza kavalidwe ka kumeneko kanali kakekake. Yang'aninso zolembedwa zilizonse zimene zinalowa m'chithunzi mwangozi, monga mtengo wa katundu pakhoma la kantini: ngati uli m'mashileni ndi mapeni, ndi nthawi imene kwacha ndi tambala zinali zisanabwere mu 1971.

Kenako tembenuzani chithunzicho. Ngakhale mukuti sikunalembedwe kanthu, mukachipendeka pa kuwala kwa pawindo nthawi zambiri mumaona dzina la kampani yopanga pepalalo, monga Kodak kapena Agfa, kapena chidindo chofufutika cha situdiyo imene inatsuka filimuyo, chokhala ndi nambala ya bokosi la ku positi ndi dzina la tauni. Manambala ang'onoang'ono odindidwa ndi makina ndi ofunika kuposa mmene amaonekera, chifukwa zithunzi zokhala ndi nambala yofanana zinatsukidwa pamodzi kuchokera pa filimu imodzi, ndiye mukadziwa chaka cha chimodzi mwadziwa cha zinzake zonse. Pepala lokhuthala, logwirika ngati pepala lenileni kumbuyo, lokhala ndi m'mphepete mwa manomano, kawirikawiri ndi lakale kuposa pepala loterera ngati pulasitiki mbali zonse ziwiri, limene linafala m'zaka za m'ma 1970.

Zonsezi ndi zizindikiro chabe, ndipo zimangokufikitsani pafupi. Mayina a anthu sangatuluke m'pepala. Amene analowa koleji mu 1970 lero ali ndi zaka zoposa 70, choncho ntchito imene ndikukulimbikitsani kuti muyambe mwezi uno, musanaganize n'komwe zogula alubamu, ndi kunyamula zithunzizo n'kupita nazo kwa mayi anu, kwa azakhali, ndi kwa aliyense amene anabwera pamaliro n'kunena kuti anali mnzawo wa bambo kusukulu. Ine ndinaonapo mkulu wina atagwira chithunzi cha timu ya mpira kwa nthawi yaitali osayankhula, akuchiyandikiza kumaso ndi kuchitalikitsa, kenako anaika chala pa goloboyi n'kutchula dzina lake lachipongwe, ndipo mayina ena khumi anangotsatana ngati mikanda pa chingwe. Mutenge kope, chithunzi chilichonse muchipatse nambala, ndipo mulembe mayina kuyambira kumanzere kupita kumanja, komanso dzina la amene wakuuzaniyo, chifukwa akuluakulu awiri akhoza kutsutsana pa nkhope imodzi.

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndinaphunzira za ulimi ku Bunda. Zithunzi zanga zili mu alubamu ija ya masamba omata okutidwa ndi pulasitiki. Tsopano zachita chikasu, zina zakakamira, ndipo za makala zasanduka zofiirira. Mdzukulu wanga akuti tikazilamineti. Kodi achita bwino? (Bambo wa ku Nkhotakota)

Yankho: Bambo, mdzukulu wanu ali ndi mtima wabwino, koma pa nkhani iyi musamulole. Makina olaminetira amagwiritsa ntchito kutentha ndi guluu, ndipo chithunzi chikalowamo sichingatulutsidwenso popanda kusupuka nkhope. Chimene mungalaminete ndi kope la chithunzicho, osati chenichenicho. Alubamu imene mukunenayo ndiyonso gwero la vuto lanu, chifukwa guluu wa pa masamba ake akamakalamba amauma, amachita chikasu, ndipo amalowerera m'pepala la chithunzi, n'chifukwa chake mukuona mizeremizere kumbuyo kwa zimene zamatuka zokha. Zimene zikutuluka mosavuta zichotseni. Zimene zakakamira, lowetsani ulusi wosalala wotsukira m'mano pansi pa ngodya imodzi n'kumauyendetsa pang'onopang'ono ngati mukucheka sopo, ndipo chikakana, chisiyeni pa tsamba pomwepo, musachikakamize ndi lezala kapena kuchinyowetsa.

Kufiira kwa zithunzi za makala sikungabwezedwe pa pepala. Mitundu ya pa chithunzi chotere ndi utoto wa magulu atatu umene sufwifwa mofanana, ndiye wina ukatha msanga, otsalawo ndi amene amalamulira. Kutentha, kuwala ndi chinyezi zimafulumizitsa zimenezi, ndipo kwanu kunyanjako zitatu zonsezi zilipo zochuluka. Chimene mungathe ndi kuchedwetsa. Musasunge zithunzi pamwamba pa kabati pafupi ndi malata, kapena pansi pa bedi pa simenti pamene chiswe, mphemvu ndi njenjete zimafika mosavuta, kapena kutsamiritsa ku khoma limene limanyowa m'dzinja. Ziikeni m'bokosi lotsekeka bwino m'kati mwa kabati, pakati pa chithunzi ndi chinzake mukhale pepala loyera, osati nyuzipepala, ndipo muzilitsegula nthawi ndi nthawi kuona ngati simunachite chuku. Selotepi, mapini, malabala ndi bolopeni zisayandikire. Polemba kumbuyo gwiritsani ntchito pensulo yofewa, osadinikiza.

Mdzukuluyo mum'patse ntchito ina imene angaigwire bwino kuposa inu ndi ine: apite nazo pa sikana, osachepera 600 dpi (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho timene sikana imajambula pa inchi imodzi) pa zithunzi zazing'ono, ajambule mbali zonse ziwiri, ndipo asunge mafayilowo malo awiri osiyana. Pa kompyuta mitundu ija ikhoza kukonzedwa, koma asunge padera fayilo yosakonza. Ngati muli ndi manegetivu m'maenvulopu awo, musawataye poganiza kuti ntchito yawo inatha, chifukwa kawirikawiri amasunga zambiri kuposa chithunzi chimene chinatsukidwa kuchokera kwa iwo.

Funso: Ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa zithunzi zakale za makoleji a m'dziko muno, zanga ndi za anthu ena, n'kumaziika pa Facebook. Ndizipeza kuti, ndipo kodi pali cholakwika? (Mnyamata wa ku Chitawira, Blantyre)

Yankho: Achimwene, cholinga chanu ndi chabwino, makamaka tsopano pamene mayina akale akuchoka m'kamwa mwa anthu: Bunda inakhala LUANAR, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, pamene Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Polemba mawu a pansi pa chithunzi, gwiritsani ntchito dzina limene sukuluyo inali nalo pa nthawi yojambulayo.

Kuno kwathu zithunzi zotere sizipezeka pa msika ngati zovala za kaunjika. Zili m'nyumba za anthu, ndipo munthu sagulitsa chithunzi cha mwamuna wake ali mu gauni. Choncho pitani ngati wobwereka, mujambulire pomwepo mwiniwake akuona, n'kumubwezera m'manja. Wina akafuna kukutumizirani pa WhatsApp, mum'pemphe atumize ngati dokumenti kuti chisachepe mphamvu. Poyerekezera ndi kutsimikiza zaka, kafunseni ku National Archives ku Zomba, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, ndi ku malaibulale a makolejiwo.

Za kuika pa intaneti, kumbukirani kuti kukhala ndi pepala la chithunzi sikukupatsani umwini wa ntchito ya amene anachijambula, choncho m'tchuleni ngati akudziwika, ndipo musachigulitse popanda chilolezo. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene ali m'zithunzimo. Chithunzi cha mwambo wopereka madigiri, Dr Banda atakhala pampando wa Chansala, sichingakwiyitse munthu. Cha kudansi, mayi amene lero ndi mkulu wa mpingo atakolekana manja ndi mnyamata amene sanakwatirane naye, ndi nkhani ina. Chimodzimodzinso za nthawi ya chipani chimodzi, pamene aphunzitsi ndi ophunzira ena anatsekeredwa popanda mlandu, kapena za mu March 1992 pamene ophunzira a ku Chirunga anachita zionetsero zogwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika, koleji n'kutsekedwa. Pansi pa zithunzi zotere pamabwera msanga ndemanga zoloza chala kuti uyu ndiye anali kazitape, pamene munthuyo anamwalira ndipo ana ake akuwerenga. Funsani mwini chithunzi ngati akulola kuti chioneke kugulu, mufunsenso ngati mayina atchulidwe, ndipo wachibale akakupemphani kuti muchotse, chotsani tsiku lomwelo.