Kapu yobiriwira ya pawindo, ndi funso loti loboti ili ndi mzimu

Imelo ya mayi wina wa ku Zomba yakhala masabata atatu ndisanaiyankhe, ndipo si ulesi ayi. Akuti mwana wawo wa Fomu 2 wayamba kukonda nkhani zopeka za sayansi, ndiye akufuna ndiwatchulire mabuku akale abwino oti ayambire. Kumapeto anawonjezera kuti tsiku lina ali pa nsima mnyamatayo anafunsa ngati maloboti a m'nkhanizi ali ndi mzimu, iwo n'kusowa chonena. Mabukuwo ndikanatchula tsiku lomwelo. Funso la pa nsimalo ndi lomwe landichedwetsa.

Pepani mayi, ndiyamba ndi za ine.

Nanenso ndili Fomu 2 ndinkakhala kwa azakhali ku Blantyre. Pakhomopo panali mnyamata wantchito, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Ankadzuka kusanache, kukolopa, kuyatsa mbaula, kusita yunifolomu yanga. Palibe ankamumenya, ndipo mwezi ukatha ankalandira yake. Koma anali ndi kapu yakeyake, ya pulasitiki yobiriwira, imene inkakhala pawindo la kukhitchini, yosasakanizidwa ndi makapu athu. Akalowa pabalaza akuluakulu ali pa nkhani ya chinsinsi, nkhaniyo sinkaima. Munthu sasiya kulankhula chifukwa choti filiji ikulira pakona. Ine ndinkaziona zonsezi osaona kanthu.

Chaka chomwecho ndinagula buku la Isaac Asimov lotchedwa I, Robot kwa venda wina woyala mabuku pakhonde la sitolo ku Limbe. Chikuto chinali chitathothoka, msana womata ndi selotepi. Poyamba dzina linandisokoneza, chifukwa kwa ife maloboti ndi magetsi aja a pamsewu, ndipo ndinkadabwa kuti mzungu angalembe bwanji buku lathunthu za ofiira ndi obiriwira. Nditalitsegula sindinalisiyenso. Linatuluka mu 1950, ndipo ndi mtolo wa nkhani zifupizifupi zomangidwa pa malamulo atatu: loboti isavulaze munthu kapena kulekerera kuti avulale, izimvera chimene munthu wailamula, pokhapokha ngati chikusemphana ndi lamulo loyambalo, ndipo izidziteteza, bola isaphwanye awiri oyambawo. Ndinkaona ngati nzeru zoposa pamenepa kulibe.

Usiku wina magetsi atazima ndinapita kukawerengera kukhitchini, komwe kunali kandulo. Mnyamata uja akutsuka mapoto anandifunsa kuti bukulo likukamba chiyani. Ndinamufotokozera malamulo atatuwo m'Chichewa, monyadira ndithu, ngati ndinawapeka ndine. Anaima kaye, sitiliwulo ili m'manja, kenako anaseka n'kunena kuti, "Ndiye ndi ine ameneyotu." Anapitiriza kukwecha poto. Ine ndinasekanso. Dzina la bambo ake sindinamufunsepo, ngakhale mudzi wa kwawo, ndipo tinakhala nyumba imodzi zaka zitatu.

Patapita zaka zambiri ndi pomwe ndinadziwa kuti iye uja anamvetsa bukulo kuposa ine amene ndinaliwerenga. Liwu loti loboti linabadwira m'sewero la Karel Čapek wa ku Czechoslovakia, lotchedwa R.U.R., lomwe linasindikizidwa mu 1920 n'kuseweredwa ku Prague mu 1921. Amene anamupatsa liwulo ndi mkulu wake Josef, wojambula zithunzi. Linachokera ku liwu la chinenero chawo lakuti robota, kutanthauza ntchito yokakamiza imene anthu wamba ankagwira m'minda ya eni nthaka. Nditawerenga zimenezi ndinakhala duu, chifukwa ife liwu limenelo tili nalo kale. Ndi thangata. Agogo anga a ku Thyolo ankalitchula ngati akulavula chinthu chowawa. Kuthangata poyamba kunali kuthandizana pakati pa anansi, koma eni maesiteti a kumapiri a Shire analisandutsa lendi: ukufuna kukhala pa nthaka imene makolo ako anaikidwapo, ukagwire ntchito kwa bwana osalandira kanthu. Nkhanza za thangata ku Magomero zinali m'gulu la zimene zinautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu January 1915. Patangopita zaka zisanu, munthu wa ku Ulaya amene mwina Nyasaland sanaimvepo analemba sewero la antchito opangidwa m'fakitale amene potsiriza pake anaukira mabwana awo.

Maloboti a Čapek si achitsulo. Ndi a mnofu wopangidwa ndi mankhwala, ofanana ndi munthu, kungoti anawachotsera chilichonse chosathandiza pa ntchito: kusangalala, mantha, chikondi. Mtsikana wina, Helena, amabwera pachilumba pali fakitaleyo kudzawamenyera ufulu, ndipo pambuyo pake amanyengerera wasayansi wa pamenepo kuti awasinthe, akhale ndi kena kake konga mzimu. Akangokhala nako amapha anthu onse, kusiyako Alquist, mmisiri womanga nyumba, chifukwa iyeyo amagwira ntchito ndi manja ngati iwo. Kumapeto Alquist amafuna kutumbula loboti imodzi kuti apeze chinsinsi cha kapangidwe kawo chomwe chinatenthedwa. Pali maloboti awiri, yamphongo ndi yaikazi, ndipo iliyonse imati mutenge ine, mnzangayu mumusiye. Pamenepo nkhalambayo imatula mpeni n'kuwatcha Adamu ndi Hava.

Ndiye mayi, nali lingaliro langa, ndipo pamene ndikulemba likunka likuuma. Funso loti kodi chakuti chili ndi mzimu silifunsidwa ndi munthu wopanda nalo phindu. Kawirikawiri amalifunsa ndi amene akudya thukuta la chinthucho, ndipo yankho lomwe akufuna ndi lakuti ayi. Mu 1537 zinatengera Papa Paul III kulemba chikalata chonena kuti eni nthaka a ku America ndi anthu enieni, osayenera kusandutsidwa akapolo. Tangoganizani, nkhani yoonekeratu chonchi mpaka kuilembera kalata. Panali golide ndi minda zofuna manja, n'chifukwa chake anthu ophunzira ankakayika.

Ifenso tili nayo nthano yathu ya wantchito wopanda mzimu, ndipo sitinaiphunzire kwa Asimov. Ndondocha. Munthu akalemera mosadziwika bwino, chigayo chake chikamagaya usiku, anthu amanong'ona kuti anapha mbale wake m'matsenga, kumudula lilime, n'kumuika kuseri kwa chitseko kuti azimugwirira ntchito. Ine sindikhulupirira kuti zimachitika, ndipo mphekesera zotere zaphetsa anthu osalakwa, makamaka okalamba. Koma taonani chimene nthanoyo inasankha kuchotsa: lilime. Wantchito wabwino kwambiri m'maloto a munthu wadyera ndi amene sangayankhe, sangadandaule, sangafunse za malipiro. Fakitale ya Čapek ndi chigayo chomwecho, kungoti chili ndi akawunti ku banki.

N'chifukwa chake Asimov masiku ano ndimamuwerenga nkhope itachita tsinya, ngakhale ndi amene anandilowetsa m'khola limeneli ndipo ndidzamuyamikira mpaka kale. Malamulo ake atatu aja, mukawachotsa utoto, ndi malangizo a bwana kwa wantchito wa m'nyumba: usandipweteke, undimvere, ndipo usadzivulaze chifukwa ndinakugula modula. Nkhani yake ya 1976, The Bicentennial Man, ndinkagwetsa nayo misozi ndili mnyamata. Loboti yotchedwa Andrew imasema mitengo mwaluso, imasunga ndalama, imagula ufulu wake, imayamba kuvala zovala, imasintha ziwalo zake chimodzichimodzi kuti zifanane ndi za munthu. Itayandikira zaka 200, imapempha kuti aivomereze kuti ndi munthu, koma aphungu amaikana. Amaivomereza pokhapokha itakonza zoti ubongo wake uyambe kufa. Anthu amati ndi nkhani yokoma. Ine lero imandikwiyitsa. Wina wakutumikirani mibadwo inayi, ndiye satifiketi ya umunthu mukumupatsa ali pa mphasa ya imfa? Zili ngati mabwana aja amene amalankhula bwino kwambiri pa maliro a mlonda wawo.

Komabe musamumane mwanayo Asimov. Muli nkhani ina m'buku lija la I, Robot, yotchedwa Reason, ya loboti yogwira ntchito pa siteshoni ya m'mlengalenga imene imakana kukhulupirira kuti zolengedwa zofooka ngati anthu, zofuna kugona ndi kudya, zingapange chinthu champhamvu ngati iyo. Imaganiza kuti mlengi wake ndi makina aakulu a mphamvu a pasiteshonipo, n'kudzisandutsa mneneri wake. Ndinaseka mpaka azakhali kundikalipira. Mwana wa Fomu 2 amene wayamba kufunsa za mzimu aikonda imeneyi.

Mzimu ndi umunthu

Chichewa chimatithandiza apa. Munthu wankhanza sitinena kuti alibe mzimu. Timati alibe umunthu, kapena timangoti ndi chinyama, chikhalirecho tikudziwa kuti anabadwa kwa mayi. Ndiye kwa ife umunthu ndi chinthu choti ungabadwe bwinobwino n'kukhala wopanda. Mzimu ndi nkhani ina. Kutchalitchi timawerenga pa Genesis 2:7 kuti Mulungu anaumba munthu ndi dothi n'kumuuzira mpweya wa moyo m'mphuno. Kwa makolo athu mzimu ndi wa munthu amene anafa, ali ndi abale omukumbukira, omuthirira nsembe, amene amawayendera kutulo. Njira zonse ziwirizi, chinthu chochokera m'fakitale chilibe polowera, ndipo mukamuuza choncho mwana wanu sindikutsutsani.

Kungoti olemba nkhanizi, ngakhale amatchula mzimu, chimene akusaka kwenikweni ndi umunthu. Philip K. Dick m'buku lake la 1968, Do Androids Dream of Electric Sheep?, limene anapangirapo filimu ya Blade Runner mu 1982, anachita kupeka makina oyezera. Amakufunsa mafunso a nyama zozunzidwa kwinaku akuyang'ana diso lako ndi mitsempha ya kumaso, kuti aone ngati chifundo chikubwera chokha. Muli malo amene sindiwaiwala: munthu wopangidwa wina wamkazi wapeza kangaude, m'dziko limene nyama zatsala pang'ono kutheratu, n'kuyamba kumudula miyendo umodziumodzi kuti aone ngati angayende ndi inayi. Pambali pali bambo wina amene boma limamuyesa wosakwanira nzeru, mtima ukumupweteka. Ungati basi, nkhani yatha, opangidwawa alibe umunthu. Koma amene akuwasaka, wapolisi Rick Deckard, akuwapha kuti apeze ndalama zogulira nyama yeniyeni yoti anzake amusirire, popeza nkhosa yake ya padenga ndi yamagetsi. Mmodzi mwa ophedwawo ndi woimba wa mawu okoma. Dick sakupatsa pokhala pabwino, ndipo n'chimene ndimamukondera.

Wamkulu wa onsewa ndi Mary Shelley, amene anayamba kulemba Frankenstein ali ndi zaka 18, bukulo n'kutuluka mu 1818. Cholengedwa chake si loboti kwenikweni, ndipo iwalani chilombo chobuula cha m'mafilimu. Cha m'bukumo chimaganiza ndi kulankhula bwino kuposa wochipanga. Usiku umene chinatsegula maso, Victor Frankenstein anachita nacho nseru n'kuthawa. Chinakabisala m'kachisakasa kogundana ndi nyumba ya banja lina losauka, n'kuphunzira kulankhula pomvetsera pa kaming'alu. Chitaona kuti akuvutika, chinasiya kuwabera chakudya, ndipo usiku chinkawatemera nkhuni n'kuziunjika pakhomo, iwo kudzuka m'mawa n'kumadabwa. Tsiku lomwe chinadzionetsa anachimenya ndi ndodo. Chimene chinapempha kwa mlengi wake ndi mnzake basi, ndipo anachimana. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Sindikudziwa buku lina limene linafotokoza mwambi umenewu momveka ngati la mtsikana wa ku London ameneyu. Ndipo nkhuni zija, zounjikidwa anthu ali m'tulo ndi wina amene saloledwa kulowa m'nyumba, mukudziwa kale zimandikumbutsa ndani.

Za mapulogalamu ocheza nawo a m'foni musandifunse lero, ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo sindikufuna kuisakaniza ndi iyi.

Mabuku aja. Ayambe ndi I, Robot, chifukwa Chingerezi chake n'chosavuta ndipo nkhani iliyonse imatha usiku umodzi. Kenako R.U.R., ndi yaifupi, ndipo mungathe kugawana mbali n'kuiwerenga mokweza pakhomo. Akatero apeze City ya Clifford Simak ya 1952, momwe anthu anatha padziko, agalu ndi amene akusimba nthano za iwo mozungulira moto n'kumatsutsana ngati munthu anakhalakodi, ndipo amene akukumbukira zonse ndi loboti yokalamba yotchedwa Jenkins. Frankenstein adikire Fomu 3, ziganizo zake n'zazitali. Dick adikire atalemba mayeso a Fomu 4, muli zina za akuluakulu. Frankenstein ndi R.U.R. zili zaulere pa Project Gutenberg, webusaiti ya mabuku akale, mungazitsitsire pa foni ndi bandulo yochepa. Zinazo yesani ku laibulale kapena kwa mavenda a mabuku, osathamangira kulipira mtengo woyamba.

Akadzafunsanso pa nsima, muuzeni zimene inu mumakhulupirira za mzimu, mosabisa. Kenako mumufunse kuti m'nkhani imene akuwerengayo ndani angaluze ndalama yankho litakhala lakuti inde.

Mnyamata uja anachoka ndili ku koleji, akuti anapita ku Joni. Nditapita kwa azakhali pa holide ndinapeza kapu ija ili m'thumba la ufa, akutapira. Ndinafunsa ngati alipo amene ali ndi nambala yake. Panalibe.