Funsani Dokotala: Msonkho wa shuga, ufa wa pachigayo ndi mchere wa m'ndiwo

Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 52 ndipo anawapeza ndi matenda a shuga chaka chatha. Ndinamva kuti boma linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera. Kodi zoopsa ndi zakumwa za m'mabotolo zokha? Kunyumba timamwa tiyi, maheu ndi juwisi wosungunula ndi madzi. — Mayi wa ku Mufakose

Mayi, msonkhowo ulipodi kuno ku Zimbabwe. Unayamba mu 2024, nduna ya zachuma Mthuli Ncube ataulengeza mu bajeti, ndipo boma linati ndalama zake zigulire zipangizo zoyezera ndi kuchiza khansa. Umawerengedwa pa galamu iliyonse ya shuga wa m'chakumwa, ndipo opanga zakumwa atadandaula unatsitsidwa kufika pa US$0.001 pa galamu. Botolo la 500 ml lokhala ndi magalamu 50 a shuga limalipira masenti 5 okha. Ife tikuona kuti ndalama imeneyi ndi yochepa zedi moti singaletse munthu waludzu kugula. Phindu lake lenileni limaoneka opanga akayamba kuchepetsa shuga kuti alipire zochepa, monga zinachitikira ku South Africa msonkho wotere utayamba mu 2018.

Koma msonkho sufika m'kapu ya tiyi, ndipo m'nyumba zambiri za ku Harare shuga wambiri amadutsa mmenemo. Supuni yaing'ono imodzi imanyamula magalamu 4. Ngati bambo amamwa makapu atatu patsiku, lililonse masupuni atatu, amakhala adya magalamu 36 asanakhudze buledi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 patsiku, ndipo ndi bwino koposa akakhala pansi pa 25, omwe ndi masupuni 6. Amenewo ndi malire a munthu wosadwala. Kwa bambo, cholinga chikhale kusiya kuthira shuga.

Musawadulire tsiku limodzi, chifukwa ambiri amabwerera msanga. Chotsani supuni imodzi pa kapu iliyonse, akhale choncho sabata ziwiri, kenako muchotse ina. Lilime limazolowera. Juwisi wosungunula ndi shuga wokhathamira. Madzi amangomutambasula, samuchotsa. Maheu a m'sitolo muwerenge kumbuyo kwa botolo pamene palembedwa "sugars" pa 100 ml, nambalayo muichulukitse kasanu ngati botolo ndi la 500 ml. Thobwa wophika nokha wosathira shuga ndi wabwinoko, komabe ndi ufa ndithu, ndiye kapu imodzi yaing'ono ndi yokwanira, osati jagi yomamwa tsiku lonse m'malo mwa madzi.

Pali nthawi imodzi imene shuga ndi mankhwala. Ngati bambo amamwa mapiritsi a glibenclamide kapena amabaya insulin, tsiku lina akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa kapena kulankhula zosokonekera, ndiye kuti shuga watsika kwambiri m'magazi. Apatseni masupuni ang'onoang'ono anayi a shuga m'madzi theka la kapu, ndipo pakatha mphindi 15 adye chakudya. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa. Thamangirani nawo kuchipatala. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akachepetsa chakudya koma mankhwala akumwa omwe aja, choncho uzani anamwino kukiliniki kuti mwasintha kadyedwe.

Mdzukulu wanga ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 8 koma ndi wamng'ono kuposa anzake. Timagayitsa chimanga chathu pachigayo. Anzanga akuti ufa wa m'sitolo boma limathiramo mankhwala. Ufa wabwino kwa mwana ndi uti? — Agogo a ku Epworth

Agogo, zimene anzanuwo akunena zili ndi mutu wake, koma si mankhwala. Lamulo la Statutory Instrument 120 la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2017, limalamula makampani kuwonjezera michere m'zakudya zinayi: ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira. Mu ufa amaikamo ayironi, zinki, folic acid, vitamini A ndi mavitamini a gulu la B. Mu shuga muli vitamini A, m'mafuta muli A ndi D. Zonsezi thupi limazipeza kale mu nyama, mazira ndi masamba. Vuto ndi lakuti mabanja ambiri sadya zimenezi mokwanira. Sizitseketsa kubereka, sizisintha kakomedwe ka nsima. Pa paketi fufuzani mawu akuti "fortified".

Ufa wa pachigayo cha m'dera mulibe zowonjezerazi. Apa ndi pomwe lamuloli limasiya anthu amene amalifuna kwambiri: banja lolima kamunda kake m'mphepete mwa tauni n'kumagayitsa lokha silipindula nalo. Komabe musataye chimanga chanu. Chofunika ndi kagayidwe. Mgaiwa, chimanga chogaya chonse ndi khungu ndi mtima wake, umasunga mafuta, mavitamini a B ndi zinthu zothandiza m'mimba. Ufa woyera uja wokonola, kuviika masiku atatu n'kuyanika, umataya zambiri mwa izi m'gaga ndi m'madzi. Tikudziwa kuti nsima yake ndi imene ambiri ochokera ku Malawi anakulira, ndipo ndi yofewa kukhosi, koma kwa mwana amene sakukula bwino phala likhale la mgaiwa kapena la roller meal wa m'paketi wolembedwa mawu aja.

Ngakhale ufa utakhala wabwino chotani, ufa wokha sukulitsa mwana. Kafukufuku wa MICS wa 2019 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi osakwana zaka zisanu m'Zimbabwe ndi wopinimbira, ndipo ena mwa anawa sagona ndi njala. Amakhuta phala lamadzimadzi lopanda kanthu. Mimba ya mwana wa msinkhu uwu imalandira pafupifupi kapu imodzi ya 250 ml pa nthawi, ndiye kapuyo isadzaze ndi madzi. Phala likhale lolimba, loti mukapendeketsa supuni silikuyenderera. M'menemo muziika chimodzi kapena ziwiri mwa izi, mosinthasintha:

supuni yaikulu ya chiponde, chimene kuno timagula ndi dzina loti dovi; supuni yaikulu ya matemba okazinga pang'ono ndi kusinja mitu ndi minga yomwe, chifukwa kashiamu ali m'mingamo; dzira limodzi lomenyera m'phala likadali pamoto mpaka lipse; nyemba kapena khobwe wophika ndi kupota; nkhwani kapena bonongwe wosinja. Supuni yaing'ono ya mafuta ophikira iziwonjezedwa pamapeto.

Adye katatu kapena kanayi patsiku, ndipo pakati muzimupatsa nthochi, papaya, mango kapena mbatata, makamaka yofiira mkati imene ili ndi vitamini A wambiri. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone chimene wadya. Ngati akuyamwa apitirize mpaka zaka ziwiri kapena kupyola. Tiyi musamupatse, amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Timapaketi ta tchipisi ta pageti ndi ma freezit (timadzi totsekemera toziziritsa) zimamutseka njala popanda kumupatsa kanthu.

Pa chiponde ndi chimanga samalani ndi chuku. Mtedza wofwafwa, wakuda, wobooka kapena wowawa umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Kukazinga sikumuchotsa. Sankhani mtedza ndi manja musanagayitse, ndipo woipawo mutaye, osaupatsa nkhuku. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'thumba, ndipo thumba likhale pa thabwa, osati pa simenti kapena kutsamira khoma.

Mafuta ndi mchere nazo zili ndi kasungidwe kake. Vitamini A amaonongeka ndi kuwala, choncho mafuta ogulitsidwa pang'onopang'ono pamsewu omwe akhala padzuwa tsiku lonse m'timabotolo toonekera mkati amafika kwanu atataya mbali ya mphamvu yake. Kunyumba asungeni m'kabati. Mchere ugulidwe wolembedwa "iodised", usungidwe m'chitini chotseka, kutali ndi nthunzi. Ayodini ndiye amateteza ku matenda a chithokomiro ndi kuthandiza kukula kwa ubongo wa mwana.

Sabata ino mupite naye kukiliniki ndi khadi lake. Amuyeze sikelo, msinkhu ndi mkono. Tepi ya pamkono ikasonyeza pansi pa masentimita 12.5, akufunika chithandizo. Pansi pa 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa, ndi zofunika tsiku lomwelo. Funsaninso ngati analandira vitamini A, yemwe amaperekedwa miyezi 6 iliyonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Mwana wosakula ngakhale akudya amayezedwanso HIV ndi TB.

Ndimagwira ntchito ku Graniteside. Masana ndimadya tchipisi ndi soseji kapena nsima ya pamsewu. BP yanga inali 150/95. Kodi ndikangosiya mchere ndichira? — Mnyamata wa ku Mbare

Achimwene, muyezetsenso kawiri pa masiku osiyana, mutakhala pansi mphindi zisanu. Ikamapitirira kukhala 140/90 kapena kupyola, ndiye kuti muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Kuchepetsa mchere kumaitsitsa, koma kwa ambiri sikukwanira pakokha. Mukapatsidwa mapiritsi musawasiye poti mwasintha chakudya.

Malire ndi magalamu 5 a mchere patsiku, supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuphatikiza wobisika. Wobisikayo ali mu soseji, polony, buledi, timakyubu ndi ufa wa supu, nsomba zouma zothira mchere. Pa paketi amalemba "sodium"; chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere. Kuyambira 2025 boma likudula msonkho pa zakudya monga tchipisi, pizza ndi nkhuku yokazinga, koma msonkhowo suchepetsa mchere wa m'mbale mwanu. Chimene chingathandize anthu ambiri nthawi imodzi ndi lamulo loika malire a mchere mu buledi ndi nyama zokonzedwa, monga lili ku South Africa kuyambira 2016.

Pakali pano, pa ziwirizo sankhani nsima ndi nyemba kapena nyama yophika ndi masamba ambiri. Msuzi wothira supu muuchepetse, botolo la mchere la patebulo musaligwire. Tchipisi zikhale za kamodzi pa sabata.

Kulikonse akuti tidye mapira ndi mawere, koma ku Mbare Musika ndi okwera mtengo kuposa chimanga. Kodi ndi zofunikadi kapena ndi fashoni chabe? — Bambo wa ku Mabvuku

Bambo, si fashoni. Mapira, mawere ndi mchewere, zimene anzathu olankhula Chishona amati mapfunde, zviyo ndi mhunga, zimapirira chilala kumene chimanga chimafota. Tonse tinaona mu 2024, pamene chilala cha El Niño chinaumitsa minda mpaka Pulezidenti Mnangagwa analengeza mu Epulo kuti dziko lili pa tsoka. N'chifukwa chake pulogalamu ya boma yothandiza alimi ya Pfumvudza imalimbikitsa mbewu zimenezi m'madera ouma, ndipo United Nations inasankha 2023 kukhala chaka cha mbewuzi. Kumbali ya thupi, mawere ali ndi kashiamu wambiri kuposa chimanga kutalitali, mchewere uli ndi ayironi ndi zinki wochuluka, ndipo poti zimagayidwa zathunthu zimakhalitsa m'mimba. Koma odwala shuga asanamizidwe: nsima ya mawere imakwezabe shuga ikachuluka. Mtanda umodzi waukulu ngati nkhonya yanu ndiwo muyeso, kaya ufa ndi wanji.

Za mtengo mukunena zoona, ndipo zimatipweteka. Mbewuzi zimakolola zochepa pa hekitala, mbalame zimadya, kupuntha ndi kupeta kumadya nthawi, ndipo makina ake ndi ochepa. Kuuza munthu wolandira ndalama zochepa kuti adye bwino pamene chotchipa ndi buledi woyera ndi chakumwa cha shuga n'kumusenzetsa katundu amene si wake yekha. Ife tikanakonda ndalama za misonkho ya zakudya zizithandizanso kutsitsa mtengo wa nyemba, masamba ndi mbewu zimenezi, komanso kuti masukulu ndi zipatala azigula kwa alimi ang'onoang'ono kuti msika wake ukule.

Simukufunika kusiya chimanga. Sakanizani kapu imodzi ya ufa wa mapira kapena mawere ndi makapu atatu a mgaiwa. Ana sadandaula, ndipo thumba laling'ono limatha mwezi. Gulani m'chidebe nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, mugayitse pang'onopang'ono, chifukwa ufa wa mchewere umayamba kuwawa ukakhala sabata zingapo. Petani ndi kutsuka bwino musanagayitse kuti mchenga uchoke.

Ngati ndalama ndi yochepa, iyambe yapita ku ndiwo. Nyemba, khobwe, nzama ndi soya zimapereka zomanga thupi pamtengo wotsika kuposa nyama; ziviikeni usiku wonse kuti zipse msanga, musunge magetsi kapena gasi. Mukapeza nyemba za NUA45 gulani, zili ndi ayironi wochuluka. Masamba ndi zipatso zifike magalamu 400 patsiku, omwe ndi manja odzaza kasanu: covo, rape, mpiru, luni, bonongwe, masawu, masuku, malambe, malinga ndi nyengo. Masamba atsukidwe ndi madzi abwino asanadulidwe ndipo aphikidwe, makamaka ngati simukudziwa madzi amene anathiriridwa, poti kolera ndi taifodi si zachilendo mu mzinda uno. Soda ndi chidulo zimapha vitamini C ndi ena a gulu la B, ndiye zisungireni therere lokha. Masamba enawo aphikeni mphindi 5 mpaka 10 m'madzi ochepa, ndi tomato ndi kamafuta pang'ono kapena nsinjiro, ndipo msuzi wake musataye.