Windows 10 yatha, koma ndalama zanu zisayambire pa makompyuta atsopano

Mayi, funso lanu talimva. Muli ndi ofesi ku Katoto ya makompyuta 12, onse ali pa Windows 10, imodzi mwa iwo ndiyo imasunga mafayilo a aliyense pamodzi ndi pulogalamu ya maakaunti, ndipo wina wakulangizani kuti mugule atsopano onse kapena musamutsire zonse ku cloud, kutanthauza makompyuta a makampani ena amene mumawafikira pa intaneti. Ife amene ntchito yathu ndi kuyang'anira maseva ndi manetiweki tikuti dekhani kaye. Za Windows zija ndi zoona, koma chimene chimagwetsa maofesi ang'onoang'ono kuno ku Mzuzu kawirikawiri ndi magetsi, mphenzi, ndi backup (kope losungira la deta yanu) imene aliyense amaganiza kuti ilipo koma palibe anaiyesapo.

Tiyambe ndi Windows yomweyo poti ndi imene yakudetsani nkhawa. Microsoft inasiya kutulutsa ma update achitetezo a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta iziyakabe monga kale, kungoti mpata uliwonse watsopano umene akuba a pa intaneti angapeze sudzatsekedwanso. Pali dongosolo lolipira loti muzilandirabe ma update achitetezo, lotchedwa ESU, limene kwa mabizinesi ndi $61 pa kompyuta imodzi chaka choyamba, ndipo mtengo umawirikiza kawiri chaka chilichonse mpaka zaka zitatu. Kwa inu ndiye kuti $732 chaka choyamba, $1,464 chachiwiri. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, sitingakulangizeni kulipirira makompyuta onse.

Musanataye kompyuta iliyonse, iyeseni. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta), Secure Boot, ndi processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. M'badwo mumaudziwira pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere (kapena manambala awiri oyamba, kuyambira m'badwo wa 10): i5-8500 ndi wa 8 ndipo ikulowa, i5-6500 ndi wa 6 ndipo siikulowa. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani tpm.msc. Ikakuuzani kuti TPM palibe, musafulumire kugamula, chifukwa nthawi zambiri imangokhala yozimitsidwa mu BIOS, ma settings amene mumalowamo kompyuta ikamayaka Windows isanatseguke. Pa Intel imalembedwa PTT, pa AMD fTPM. Mukaiyatsa, pulogalamu ya PC Health Check ikuuzani ngati zatheka. Makompyuta ambiri a kaunjika a Dell OptiPlex ndi HP ProDesk a m'badwo wa 8 amalowa bwinobwino, ndipo mukawaikira SSD ndi RAM ya 8GB amathamanga mokwanira pa ntchito za muofesi.

Amene akanika si zinyalala ayi. Ngati munthu ntchito yake ndi imelo, makalata ndi zinthu za pa browser monga Msonkho Online, muikireni, m'malo mwa Windows, Linux Mint 22 kapena Ubuntu 24.04 LTS, zonse ziwiri zilandira ma update mpaka 2029. Yambani mwaiyatsa kuchokera pa flash osafufuta kanthu, muone ngati printer ndi scanner zikugwira, mutsegulenso mafayilo anu a Excel mu LibreOffice, chifukwa amene ali ndi ma macro ndi amene amavuta. Kompyuta ya maakaunti yokha, ngati mumagwiritsa QuickBooks Desktop kapena Sage, iyenera kukhala pa Windows 11 yeniyeni yokhala ndi layisensi. Pali njira zokakamizira Windows 11 pa kompyuta yakale, koma Microsoft siilonjeza kuti yoteroyo izilandirabe ma update, choncho musaike malipiro a antchito pamenepo. Ndipo chonde, Windows kapena Office ya crack ichoke muofesi. Kapulogalamu kamene kamathyola layisensi kamapatsidwa mphamvu zonse pa kompyuta, ndipo ndi njira yodziwika yolowetsera ma virus.

Tsopano magetsi, pamene tikufuna muikepo mtima kwambiri. Magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire, ndipo kuti afike kuno amayenda mtunda wautali. Kuzima kokha si vuto lalikulu. Choopsa ndi kuzima mwadzidzidzi pamene disk ikulemba, komanso mmene amabwerera, nthawi zina akuphethira kangapo asanakhazikike. Database ya maakaunti imene yadukizidwa ili mkati molemba imatha kukana kutseguka mawa lake, ndipo power supply imapsa pa kubwerako.

UPS (bokosi la batire logwirizira kompyuta magetsi akathima) ya 650VA imene imagulitsidwa paliponse sinyamula mawati 650. Mphamvu yake yeniyeni ndi pafupifupi mawati 360 mpaka 390, ndipo mkati mwake muli batire limodzi la 12V 7Ah. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino, osati kugwirira ntchito masana onse. Batirelo limatha pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo likamatha silikuuzani: nyale yobiriwira imayakabe, koma magetsi akangothima kompyuta imathimira limodzi. Miyezi itatu iliyonse zimitsani pa soketi ya kukhoma kompyuta ili chiyakire, muwerenge mphindi. Ikalephera kufika mphindi zisanu, sinthani batire, osati UPS yonse. Gulani ya mtundu wa line-interactive yokhala ndi AVR, kuti magetsi akatsika izikweza yokha osadya batire. Laser printer, ketulo ndi heater ya mu Juni zisalumikizidwe ku UPS. Laser printer imakoka mphamvu yambiri ikamatenthetsa ndipo imagwetsa zonse zili pamenepo.

Chinthu chimene ambiri amachisiya m'katoni ndi chingwe cha USB chimene chimabwera ndi UPS. Chilumikizeni ku kompyuta yosunga mafayilo, muikemo pulogalamu yake, muiuze kuti magetsi akatha mphindi zisanu asanabwere izizimitsa kompyuta yokha. Mu BIOS muyatsenso pamene palembedwa Restore on AC Power Loss kuti magetsi akabwera iziyaka yokha. Izi ndi zaulere, ndipo zimateteza usiku ndi Loweruka pamene muofesi mulibe munthu.

Mukafuna kuti intaneti ndi seva (kompyuta yosunga mafayilo ija) zizigwira nthawi yonse ya kuzima kwa magetsi, werengani kaye musanagule inverter. Tinene kuti kompyuta yosunga mafayilo ikudya mawati 80, router ndi switch 25, dish ya Starlink 75. Zonse pamodzi ndi 180. Batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200Wh papepala, koma la mtundu wa lead-acid simuyenera kulikhuthula kupyola theka, apo ayi limafa msanga. Zatsala 600, inverter nayo idyapo zake, mutsala ndi pafupifupi 500Wh, zimene sizikwana maola atatu. Batire la lithium la LiFePO4 la 100Ah lomwelo limakupatsani maola opitirira asanu pa katundu yemweyo, ndipo limakhalitsa. Ndi lodula pogula, koma mukawerengera kangati mungasinthe la lead-acid, masamu amasintha. Inverter ikhale ya pure sine wave, chifukwa ma power supply ambiri atsopano sagwirizana ndi zotchipa zija. Mwa antchito, amene angathe kugwiritsa laputopu apatseni laputopu m'malo mwa desktop: imadya magetsi ochepa ndipo batire ili nalo kale.

Mphenzi nayo ili ndi njira yake. M'dzinja zipangizo zambiri sizipsera ku soketi, zimapsera ku chingwe cha netiweki. Chingwe cha Ethernet chimene chatuluka panja kupita ku nyumba ina, ku kamera ya pa geti kapena ku antenna ya padenga chimatenga mphamvu ya mphenzi ngakhale yagwa patali ndithu, ndipo mumapeza ma port a switch afa motsatana, router yafa, kompyuta ikuyaka koma netiweki palibe. Pakati pa nyumba ziwiri ikani fibre ndi ma media converter awiri, poti mkati mwake ndi galasi ndipo simuyenda magetsi. Itanani wa zamagetsi wovomerezeka ayeze earth ya nyumbayo ndi kuika surge protector pa DB, bokosi logawira magetsi m'nyumba. Extension yolembedwa surge imene yalumikizidwa ku soketi yopanda earth siteteza mokwanira. Chinyezi cha kuno nachonso chimadya mawaya ndi ma board, ndiye makompyuta asakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa.

Backup tsopano. Lamulo lake ndi 3-2-1: makope atatu a deta, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa ofesi. Aliyense wa mu Mzuzu akukumbukira mmene laibulale ya Mzuni inapsera mu Disembala 2015. Chili m'nyumba imodzi chimapita tsiku limodzi, kaya ndi moto, akuba kapena denga lodontha.

Chitani chonchi. Gulani ma external drive awiri a 2TB, mulembe A ndi B. Pa kompyuta yosunga mafayilo ikani Veeam Agent for Microsoft Windows, ili ndi mtundu waulere, muiuze izipanga backup tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro, osati usiku pamene makina angakhale atazima. Lachisanu lililonse chotsani A muike B, ndipo A apite nayo kunyumba mkulu wa ofesi. Ma drive onse awiri atsekeni ndi pasiwedi kudzera mu Veeam momwemo kapena BitLocker, ndipo kiyi wake asindikizidwe papepala n'kusungidwa malo okhoma, chifukwa backup yotsekedwa imene kiyi wake watayika ilibe ntchito. Za maakaunti musangokopera fayilo pulogalamu ili yotsegula, kope lotero limatuluka loperewera. Gwiritsani batani la backup la m'pulogalamu momwemo, kenako fayilo yatulukayo ndiyo ikopedwe.

Chifukwa chake drive imodzi iyenera kukhala yochotsedwa ndi ransomware. Ikalowa imatseka mafayilo onse amene ikuwafikira, kuphatikizapo drive imene ili pa USB ndi mafoda a pa netiweki, kenako akuba aja amafuna dipo. Musaganize kuti Malawi sakutiona. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa ndipo ochita zimenezo akufuna ndalama, ndipo mapasipoti anaima kwa masabata. Dziwaninso kuti OneDrive ndi Google Drive zimangofananitsa mafayilo: chimene chafufutidwa kapena kuonongeka muofesi chimaonongekanso kumeneko. Zofufutidwa pa Google Drive zimachokeratu pakatha masiku 30. RAID, njira yolembera deta pa ma disk angapo m'makina amodzi, nayonso si backup, imangokuthandizani disk imodzi ikafa.

Ndipo mwezi uliwonse bwezeretsani fayilo imodzi ndi database ya maakaunti pa kompyuta ina, muitsegule, muone ngati malonda a sabata yatha akuoneka. Apa m'pamene pamatulukira zoti drive inadzadza miyezi yapitayo ndipo palibe anawerenga uthenga wofiira wochenjeza. Nthawi yomweyo tsegulani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonera thanzi la disk. Ikaonetsa chikasu pa Reallocated Sectors kapena Pending Sectors, disk imeneyo yayamba kufa, isintheni sabata yomweyo.

Za cloud, maganizo athu ndi akuti imelo ipite, zina muganize kaye. Kusunga seva ya imelo muofesi masiku ano ndi kudzivutitsa. Koma mafayilo a tsiku ndi tsiku ndi maakaunti akhale ndi kope muofesi momwemo. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadutsa m'maiko oyandikana nawo, ndipo mu Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka tonse tinaona mmene inagwera. Ngakhale eni ake a cloud amagwa: pa 20 Okutobala 2025 vuto la ku AWS, cloud ya kampani ya Amazon, linaimitsa mapulogalamu ambiri padziko lonse kwa maola angapo. Werengeraninso liwiro lokwezera. Deta ya 200GB pa upload ya 5Mbps imatenga maola pafupifupi 89 osadukiza, ndipo ngati muli pa bandulo mukudziwa kale tanthauzo lake. Malipiro a cloud ndi a madola mwezi ndi mwezi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabilu amenewa anakwera tsiku limodzi. Khadi ikakana kulipira, akaunti imatsekedwa mafayilo anu ali mkati. Intaneti ikhale ya njira ziwiri: ngati muli ndi fibre kapena Starlink, sungani router ya 4G yokhala ndi SIM ya Airtel kapena TNM yodikirira.

Zotsalazi ndi zachangu. Aliyense akhale ndi akaunti yake yopanda mphamvu za administrator. Imelo ndi banki zikhale ndi chitsimikizo chachiwiri cha pa app monga Microsoft Authenticator, chifukwa nambala ya pa SMS imabedwa munthu akakuberani SIM. Remote Desktop, njira yolowera mu kompyuta muli kutali (port 3389), isatsegulidwe ku intaneti. Wofuna kugwira ntchito ali kunyumba alowe ndi VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya ofesi, monga WireGuard kapena Tailscale, imene imagwira ngakhale pa Starlink pamene mulibe IP yanuyanu. Antchito auzidwe kuti mayina a makasitomala, manambala a ziphaso ndi malipiro asamaziike mu ChatGPT kapena zina zotero. Lamulo la Data Protection Act la 2024 likuika udindo pa inu osunga deta ya anthu, ndipo oliyang'anira ndi MACRA.

Chimodzi chimene timachiona chikusautsa mabungwe: domain, akaunti yaikulu ya imelo ndi pasiwedi ya router zonse zili m'dzina la mnyamata wa IT, ndipo iye akachoka ntchito ofesi imatsala kunja kwa nyumba yake yomwe. Zilembetsedwe pa imelo ya bungwe, ndipo mapasiwedi akuluakulu akhale mu envelopu yomata kwa mkulu wa ofesi, kusinthidwa nthawi iliyonse wina akachoka.

Kuti tikuuzeni makompyuta angati angalowe Windows 11, pa iliyonse tsegulani Settings, System, About, mulembe pano dzina la processor ndi kukula kwa RAM. Mutiuzenso pulogalamu ya maakaunti imene mukugwiritsa ndi kukula kwa foda ya mafayilo onse. Ma serial number, ma product key ndi mapasiwedi musawaike pagulu pano.